Nankafumbwe m'Kabokosi ka Christobel

Dzino langa lakumanzere linali litatha masiku anayi likuwawa pamene anandipatsa mlandu wa Zakaria. Linabenthuka Lachisanu pamaliro a a Jacob, mkulu wa mpingo wa kwathu kufupi ndi Domasi Mishoni, nditaluma kanthu kolimba mu nsima ya mgaiwa. Ndinangolavulira pambali mwakachetechete, poti pamaliro sadandaula za chakudya. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili wapolisi, mbava zandigenda, zidakwa zandiluma, koma chodzandithyola dzino inakhala nsima.

Lolemba m'mawa abwana anaponya fayilo patebulo panga. "Sajenti Namakhwa, nkhani ya kompyuta iyi ndi yanu." Ine amene foni yanga yomweyi imandikanika.

Nkhani yake inali yotere. Christobel, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu wa m'mudzi mwathu momwemo, anagula zipangizo zomangira kompyuta. Loweruka anazinyamula kupita nazo pa Songani kwa Zakaria, wokonza mafoni, kuti azilumikize. Atatsegula kabokosi ka chipangizo chodula kwambiri, anapeza mulibe kanthu. Christobel anakuwa kuti wakuba. Mchimwene wake Julius ndi anzake a pa siteji anamaliza zotsalazo ndi matabwa a benchi la Zakaria lomwelo. Apolisi athu anamulanditsa Zakaria n'kumutsekera, mbali ina monga woganiziridwa, mbali ina kuti asaphedwe.

Anamubweretsa mu ofesi dzanja lamanja litakulungidwa bandeji yakuda ndi fumbi. Diso limodzi linali litatupa, koma pakamwa panali pabwinobwino.

"A Sajenti, mtsikana uja amamenya gemu ya mpira moti amuna amathawa akamuona akulowa m'kashedi ka magemu. Amasewera kwinaku akulongosola ngati wa pa wailesi, anthu kufa nalo phwete. Ndiye anati akufuna kompyuta yakeyake, azisewera ali layivi pa intaneti, anthu azimuonera mpaka kunja. Walima tomato zaka ziwiri kudimba la ku mtsinje wa Domasi chifukwa cha nkhani yomweyi."

"Zipangizozo anasankha ndani?"

"Tinasankha limodzi, masabata atatu tikukangana. Kompyuta ya magemu imafuna zinthu ziwiri zodula. Pali purosesa, ndiye ubongo wake, ndipo pali khadi yojambula zithunzi. Iye amafuna zonse ziwiri, koma ndalama yake ikanangogula zakalekale, zoti ukayamba kuulutsa gemu imadukaduka. Ndinamuuza kuti chemwali, mapanga awiri avumbwitsa. Tigule purosesa imodzi yabwino, ya mtundu uja umajambulanso wokha zithunzi, khadi udzagula ukadzakolola tomato wina. Ramu, mosungira zimene kompyuta ikuchita panthawiyo, tinagula timitengo tiwiri, poti purosesa yotere imathamanga ikakhala ndi tiwiri. Pa chipangizo cholandira magetsi sindinalole kuumira, magetsi akunowa mukuwadziwa. Kesi, chibokosi chakunja chija, ndinati tigule chonyansa kaya, sichisewera gemu. Sikirini ndinamubwereka yanga yakale."

Zambiri mwa izi zinangondidutsa, koma chimodzi ndinachigwira. "Ndiye kuti theka la thukuta lake linapita pa kanthu kamodzi?"

"Kupitirira theka. Kanthu kochepa ngati bisiketi."

"Unakaona liti komaliza?"

"Lolemba lapitalo, katafika pa minibasi kuchokera ku Limbe. Ndinatsegula iye akuona. Kunsi kwake kumakhala timano tagolide tambirimbiri, ndinaona kuti tonse tili chilili, ndinakabwezera m'kapulasitiki kake n'kutseka. Anapita nako kwawo. Tinapangana kumanga Loweruka, kesi ikafika. Pano akuti ndinachita matsenga a manja, ndinamutsekera bokosi lopanda kanthu."

Ndinalemba. Anyamata ambiri andilumbirira mu ofesi imeneyi, ena mpaka kulira mamina, kenaka katundu n'kupezeka kudenga kwawo. Ndinayamba kutseka fayilo.

"A Sajenti," anatero, "kapulasitiki kaja kanatsala m'bokosi. Munthu wodziwa kompyuta sanganyamule purosesa yamaliseche. Timano tija tikapindika tiwiri tokha, basi yatha, sungagulitse. Amene anatenga uja sadziwa chimene anagwira."

*

Christobel ndinamupeza masana kuchipinda kwake, atakhala pamkeka, makatoni atamuzungulira ngati wogulitsa pa msika wopanda ogula. Manja ake anali a mlimi, ong'aluka ndi obiriwira m'zikhadabo. Kunja mayi ake, a Alesi, ankasesa pabwalo pomwe panali posesa kale.

"Mwabwera kudzamupepesera?" anandifunsa osandiyang'ana.

"Ndabwera kudzaona bokosi. Unkasunga pati?"

"M'sutikesi, pansi pa bedi."

"Chitsekochi chimakiyidwa?"

"Tikiye ndi chiyani? Loko anagulitsa achimwene kalekale."

"Kuchokera Lolemba mpaka Loweruka unatsegulako?"

"Ayi. Zakaria anati ndisamagwiregwire. Tsopano ndadziwa chifukwa chake." Mawu ake anauma. "Ndowa makumi anayi pa tsiku, a Sajenti, kuchokera mu mtsinje kupita m'mabedi. Ndinali nditauza kale anthu pa foni kuti Lamulungu ndiyamba. Pano akundiseka."

Zipangizo zina zonse zinalipo. Timitengo ta ramu tija, toti munthu angalowetse m'sokosi n'kukagulitsa ku Zomba tsiku lomwelo, tinali m'malo mwake. Wakuba wanji wosankha chonchi? Ndinatenga kabokosi ka purosesa, ndinatulutsa kapulasitiki kopanda kanthu kaja, n'kugwedezera kabokosiko pachikhatho. Panagwa kafumbi koyera, kenaka kanthu kakuda. Kanayamba kuyenda.

Anali nankafumbwe.

"M'chipinda muno mumakhalako chimanga?"

"Ayi. Matumba onse ali kuchipinda kwa amayi."

Ndinamvetsera. Kunja kuja tsache linali litasiya kulira.

*

Julius ndimamudziwa kuyambira ali wamng'ono, ndipo fayilo yake ndimaidziwa bwino kuposa iye mwini. Wailesi ya malemu bambo ake inapita, mapoto awiri anapita, ngakhale loko wa pachitseko cha mlongo wake. Ndinamupeza pa siteji ya pa Naisi atakhalira njinga yake ya kabaza, akutafuna nzimbe.

"Aaa, mayi wathu! Mwabwera kudzandithokoza? Mbava ija ndinakugwirirani ndine."

"Ndabwera kudzakufunsa kumene unali sabata yatha."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Ndimadziwa! Chikasowa chinthu, Julius. Nkhuku ikafa ndi chitopa, Julius. Tamverani, ine ndikanafuna kuba ndikanatenga sutikesi yonse, sindiba mwaulemu ine. Lolemba mpaka Lachitatu ndinali pano, funsani siteji yonse. Lachinayi ndiye ndinagwira ntchito ya Mulungu."

"Iwe?"

"Inetu. Amayi anali ku Mvano, Christobel kudimba. Uthenga unabwera kuti a Jacob atisiya, nyumba iliyonse ipereke ufa usanafike madzulo. Ndinayang'ana m'ndowa, mbee. Ndinati anthu asatinene kuti nyumba ya amayi a Mvano yalephera ufa wa pamaliro. Ndinalowa kuchipinda kwa amayi, ndinapeza thumba lina lomasula kale, chimanga chofika pakati. Ndinalikweza panjinga, ulendo wa kuchigayo kwa a Lazaro. Palibe anandituma. Koma zimenezo simulemba, eti?"

"Unakonoletsa?"

"Nthawi yokonola ikanachoka kuti? Kukonola, kupeta, kunyika, maliro akanadikira? Ndinangogayitsa mgaiwa, chimanga kuchoka m'thumba kulowa m'chigayo. Ndipo mdala ujayo m'malo mondiyamika anandilalatira, ati ndamuboolera sefa ndi miyala. Ine ndimalima miyala?"

Anapitiriza kuyankhula, koma ine sindinkamvanso. Lilime langa linali litapita lokha pa dzino lija.

*

A Lazaro agaya chimanga zaka zambiri moti makutu anawathera m'chigayo momwemo. Amayankhula mokuwa ngakhale injini itazima, ndipo nsidze zawo sizinaonepo mtundu wina koma woyera.

"LACHINAYI? NDIKUKUMBUKA! Mwana wa a Alesi uja! Ndathira chimanga bwinobwino, ndangomva khoo! Kenaka gwedegwede ngati mwalowa njinga. Ndazimitsa, ndatsegula, sefa yabooka chala kulowa. Sefa yatsopano, mayi, ya mwezi umodzi!"

"Ufawo munautaya?"

"KUTAYA UFA WA PAMALIRO? Tinausefa ndi sefa ya m'manja, wina unadutsa, basi unapita. Anthu anadya, palibe anafa."

"Chimene chinaboola sefacho munachiona?"

Anandiyang'ana ngati ndawanyoza. Anapita pakona n'kubwera ndi chitini cha mkaka chakale. Anati chilichonse chotuluka m'chimanga cha anthu amasunga, kuti mwini akadzabwera kudzakana adzamuonetse. Anakhuthulira patebulo. Munali misomali, makiyi, ndalama zachitsulo zopindika, mendulo ya kolona, supuni yopanda mutu. Ati anthu a kuno thumba la chimanga ndiye banki yawo, kenaka amaiwala.

Anafufuza ndi chala n'kukankhira kwa ine kachitsulo kamakona anayi, kopindika ngati tsamba louma. Kumbuyo kwake kunamatirira tizidutswa tobiriwira ndi ulusi wa nsalu yofiira. Kutsogolo kunali zilembo ndi manambala ofufutika. Ndinatulutsa kabokosi ka Christobel m'chikwama n'kuyerekeza. Manambala anayi omaliza ankawerengeka bwinobwino, ndipo anafanana.

"N'CHIYANI CHIMENECHO?" anafunsa a Lazaro. "CHOTSEKERA WOTCHI?"

"Ndi tomato wa zaka ziwiri, bambo."

Sanamve, ndipo sindinabwereze.

*

A Alesi ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pa mtondo wogwetsa, manja ali pamiyendo. Mkeka anali atayala kale. Ndimapemphera nawo mpingo umodzi mayi amenewa, ndipo mwana wanga woyamba atamwalira ndi iwo anagona nane pansi sabata yathunthu. Ntchito iyi nthawi zina ndimadana nayo.

Ndinangoika kachitsulo kaja pamkeka, ulusi wofiira uli pamwamba.

A Alesi anakayang'ana. "Unali mpango wanga wakale," anatero motsitsa.

"Ndiuzeni, mayi."

"Lachiwiri madzulo ndinamva Julius akufunsa mlongo wake kuti kanthu kameneka ndi ndalama zingati. Atamuuza, anaimba mluzu. Mluzu umenewo ndimaudziwa ine, anauimbanso pa wailesi ya bambo ake. Lachitatu onse atachoka ndinatenga kabokosiko kupita nako kuchipinda kwanga. Ndinatsegulira pathumba pomwepo, ndinakachotsa, ndinakamanga pampango n'kukakwirira m'chimanga mpaka m'chigongono. Kapulasitiki ndinabwezera kuti akagwedeza bokosi azimva kulira. Ndalama ya feteleza ndabisa m'chimanga zaka zonsezi, sinasowepo. Julius saligwira thumba, amaopa ntchito. Ndinati Loweruka m'mawa ndidzabwezera, palibe adzadziwe."

"Ndiye Lachinayi?"

"Ndabwera ku Mvano, thumba palibe. Ndamva kuti mwana wanga wapita yekha kukagayitsa ufa wa pamaliro. Anthu akumuyamika, a Sajenti, koyamba m'moyo mwake. Ndinathamanga kusiwa, ndinapeza amayi akuthira kale ufa m'mipika. Ndinaphika nawo tsiku limenelo ndi Lachisanu. Ndinagawa ndi manja angawa."

Ndinaganiza za mzere wa anthu uja Lachisanu, madikoni, aphunzitsi, adzukulu okumba manda, ine ndemwe. Mudzi wonse tinadya kompyuta ya Christobel n'kusamba m'manja.

"Bwanji simunamuuze?"

"Ndinkati ndimuuza Lachisanu, kunali maliro. Ndinkati Loweruka m'mawa, ndinamupeza akuimba, akupukuta makatoni ake ndi chitenje. Pakamwa panakana. Ndinati mwina Mulungu achita chozizwitsa, akakatsegula akapeza kalimo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Nditamva za mnyamata uja ndinadzitsekera m'nyumba. Ndine wamantha, mayi. Ndikupempha, lembani kuti kanatayika panjira. Akadziwa kuti ndine, ndataya mwana."

Ndikanakonda kunena kuti ndinayankha mwanzeru. Koma pakona pa nyumba panali pataima Christobel, khasu lili m'manja. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji, koma nkhope yake inaonetsa kuti wamva zokwanira.

Sanakuwe ngati pa Songani paja. Anaika khasu pansi, anabwera n'kutola kachitsulo kaja.

"Amayi," anatero, "munamva kuti akumumenya, inu muli chete?"

A Alesi anagwada pamkeka, mayi kugwadira mwana wake. Christobel anawadutsa n'kulowa m'nyumba.

*

Zakaria tinamutulutsa Lachiwiri m'mawa. Tisanamumasule ndinapita naye kuchipatala, komwe anamasula bandeji ija n'kupukusa mitu. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinathyoka malo angapo, ndipo zinakhala masiku atatu osaongoledwa. Anati zidzapola koma zidzakhala zouma. Ndi zala ziwiri zimene munthu amagwirira kawaya ka m'foni.

Titabwerera kupolisi tinapeza Christobel atakhala pakhonde, sikirini yakale ija ataikulunga m'chitenje. Anaimirira. Anangotambasula dzanja n'kuonetsa kachitsulo kopindika kaja.

Zakaria anafuna kukatenga ndi dzanja lamanja mwachizolowezi. Linakana. Anakatenga ndi lamanzere, anakatembenuza, n'kuwerenga manambala aja ngati munthu wowerenga dzina pamtanda wa kumanda.

"Inali yabwino iyi," anatero. "Ikanakutumikira zaka zisanu."

"Achimwene Zakaria, ndinalakwa. Ndine ndinakuwa."

Maso a Zakaria anali adakali pa kachitsulo kaja. "Unali kulondola iwe, chemwali. Tikanagula zakale ziwiri zija, bwenzi chimodzi chitatsala. Ndine ndinakukakamiza kuika zonse pa kanthu kamodzi."

"Ndabweretsa sikirini yanu."

"Sunga. Ndikaiika pati? Benchi linathera pamsana pangapa."

Christobel anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja. Tomato wa chaka chino anali atayamba kale kufota ndi matenda, ndinamuona podutsa kudimba, ndipo mitengo ya zinthu za ku Limbe siidikira munthu. Zipangizo zotsala zija zidzakhala m'sutikesi mpaka zidzakalambe, kapena mpaka Julius adzazipezere msika. Tonse atatu tinkadziwa zimenezi.

Mu ofesi abwana anandifunsa kuti wakuba ndani. Ndinati palibe. Mlandu umene unatsala ndi wa Julius wovulaza munthu, ndipo mboni yaikulu ndi mlongo wake, amene kunyumba sakuyankhulanso ndi mayi ake. Ndinatsegula fayilo yatsopano mtima uli wolemera. Mlandu ndinautha m'tsiku limodzi, koma sindinabweze chilichonse kwa aliyense.

Ndinamuperekeza Zakaria mpaka pa Songani, nditavala yunifolomu, kuti anthu aone kuti boma lamuyeretsa. Ndinaima pa siteji n'kunena mokweza kuti mnyamatayu sanabe kanthu. Ena anagwedeza mitu, ena anapitiriza kuitanira minibasi ya ku Liwonde. Pamene panali benchi lake wina anali atayalapo kale kaunjika.

Anaima pamenepo, dzanja lili pachifuwa, akuyang'ana malo ake. Mayi wina wogulitsa nthochi, amene anali pafupi kwambiri ndi ine moti mawu anga onse anawamva, anamupatsa moni mwaulemu ndithu. Kenaka anatenga foni yake pamwamba pa dengu n'kuilowetsa m'bulauzi.